Mutu 5: Ndani Adzapita Kukamuona Yutong?

1. Mlendo m'chipinda changa

Yutong anafika kwathu ku Salford mwezi wa June. Anali ndi zaka 13, masutikesi awiri aatali ngati iye yemwe, ndi foni yomwe sankaisiya olo popita kubafa. Za foniyo sindimunena, inenso matenda ake ndi omwewo.

Ine ndine Lusubilo, ambiri amangoti Lusu. Ndili ndi zaka 25, ndimagwira ntchito ya makompyuta mu ofesi ina ku Quays, konkuno ku Salford. Amayi anga, a Ennie, ndi nesi. Kale ali ku Lilongwe ankagwira ntchito mu wodi imodzi ndi dokotala wina wamkazi wochokera ku China, a Dokotala Shen. Anagwirizana zedi, moti mpaka pano amatumizirana zithunzi za maluwa pa Khirisimasi. Yutong ndi mwana wa adokotalawo, mmodzi yekhayo.

Sukulu za boarding za kuno zimafuna kuti mwana wochokera kunja akhale ndi guardian, munthu wamkulu wokhala konkuno woimira makolo. Pali makampani ochita zimenezi, koma a Dokotala Shen anakana. Anati, "Sisita Ennie basi."

Ndiye Yutong analowa m'chipinda changa, ine ndinasamukira pa sofa.

Sukulu ziwiri za atsikana zinamupatsa malo. Yoyamba inali Highfell College, kupitirira Newcastle uko, nambala 4 pa ranking yomwe adokotala anatitumizira. Yachiwiri inali Ashgarth House, kunja kwa Sheffield, nambala 61. Tinkayenera kuyankha Lachisanu isanakwane 1 koloko masana. Kuvomera imodzi, inayo malo apita kwa wina.

Adokotala analemba kuti, "Mukaone nokha, musankhe inu. Koma ine mtima wanga uli pa nambala 4."

"Usankhe ndiwe," anatero Amayi akundiponyera makalata onse awiri pa sofa.

"Ine? Guardian ndinu, Mami."

"Guardian ndine, koma wogonako ku boarding ndiwe. Ine ku Karonga ndinkapita ku sukulu wapansi, kuweruka kukatunga madzi. Za ku hositelo ndimangomva."

"Ndiye zatha kale. Nambala 4 ndi nambala 61, pali choganiza apa?"

Amayi anayang'ana mbale ya Yutong yomwe inali pa tebulo. Tositi anangoluma pakona. Sabata yonse inali choncho, mwana sankadya.

2. Sukulu saisankha pa foni

Lachiwiri madzulo ndinawapeza Amayi kukhitchini akusankha mpunga. Sunali wa mushopu ayi. Unali Kilombero weniweni, uja anatitengera a Jerome a ku tchalitchi atapita kumudzi, womwe Amayi ankausunga pamwamba pa kabati kudikira Khirisimasi.

"Mami, kuli phwando?"

"Mawa tikupita kukaona sukulu. Ika foniyo pansi, undimvere."

Ndinaiika. Chafufumimba, kuti ione tebulo.

"Sukulu saisankha pa foni, mwana wanga. Manambalawo akukuuza za ana amene anakhoza mayeso. Sakukuuza za amene ankalira kubafa atatsegula mpopi kuti anzake asamve. Tikafika, a mu ofesi adzatisekerera, ndi ntchito yawo. Iwe usayang'ane mano awo. Ukayang'ane kogona. Ukayang'ane zimbudzi. Ukafunse kuti mwana akatentha thupi amene amadzuka ndani, ndipo ukamuone munthuyo ndi maso, ukaone ngati ali ndi manja ogwira mwana pachipumi. Ukayang'ane ana mmene akuyendera, awiriawiri kapena aliyense yekha atakumbatira mabuku. Ine zaka zonsezi mu wodi ndaona kuti wodwala amene amachedwa kuchira si uja wopanda mankhwala. Ndi uja woti nthawi yoona odwala ikakwana amatembenukira kukhoma. Ndiye funso lalikulu ndi limodzi. Tsiku loona ana likafika, ndani adzapita kukamuona Yutong?"

"Mami, kuno kulibe visiting day."

"Sukulu yanji yopanda visiting day?"

"Ndi England kuno, si Dedza."

"Tikafunsa," anatero, n'kuthira madzi mumpunga. "Ndipo ku sukulu ya ana sitipita chimanjamanja. Tsitsa cooler box. Utengenso chitenje chobiriwira chija."

Eee. Ndinadziwiratu kuti mawa kuli manyazi.

3. Highfell

Tinanyamuka 6 koloko m'mawa. Tram, kasitima ka mu tauni, mpaka siteshoni ya Piccadilly ku Manchester. Sitima mpaka Newcastle. Sitima ina yaing'ono. Kenako basi yomwe imadutsa kawiri kokha m'mawa, ndipo yoyamba inatisiya. Pofika pa geti nthawi inali itadutsa 10.

Koma aise, sukuluyo ndi sukulu. Udzu wake ngati kapeti. Laibulale ya nsanjika zitatu. Dziwe losambira lofunda. Labu yake ndinaima pakhomo kuyamba kudzimvera chisoni, kukumbuka ife ku Dedza tikulimbirana microscope imodzi anthu makumi anayi.

Ndipo monsemo, mulaibulale, mulabu, m'mbali mwa dziwe, Amayi anali pambuyo ndi cooler box ya buluu, chitenje chili paphewa.

Mayi wotionetsa malo anali waulemu, wa nsapato zogogoda. Titafika kogona, Amayi anasuzumira m'zimbudzi zonse zinayi, kenako anafunsa.

"Visiting day yanu imakhala liti?"

Mayiyo anamwetulira. Anati iwo alibe tsiku lotero. Ali ndi chomwe amati exeat. Pakatha masabata atatu aliwonse sukulu imatsekedwa Lachisanu masana, ana onse amapita kwa makolo kapena kwa guardian, n'kubwerera Lamlungu madzulo.

"Nanga guardian ngati ali pa shifiti, ndipo amakhala kutali?"

"Palibe vuto. Timamupezera mwanayo banja la kufupi konkuno loti akagoneko. Ndi mabanja abwino, tinawafufuza."

"Banja lomwelo nthawi zonse?"

"Zimatengera amene ali ndi malo."

Amayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anakweza cooler box. "Ndabwera ndi kachakudya. Tingakhale pa udzupo, tiitane ana awiri atatu?"

Ndinafuna pansi patseguke. Mayiyo anapepesa bwinobwino, anati malamulo salola chakudya chochokera kunja, ana ena chimawadwalitsa. Zoona zake sanalakwe.

"Mami, mwatichititsa manyazi," ndinawanong'oneza tikutuluka.

"Manyazi sadwalitsa. Waona pepala lili pakhomalo?"

Ndinali nditaliona. Unali mndandanda wa exeat yapitayo. Dzina la mwana, ndi komwe anapita. Ambiri analemba kuti kwawo. Koma kumunsi kunali mayina khumi ndi awiri, pafupifupi onse a kunja, ndipo pambali pake panalembedwa mawu amodzimodzi: host family.

Pafupi ndi pepalalo Yutong anali ataima ndi mtsikana wina wa ku China wamkulupo, akulankhula chinenero chawo motsitsa mawu. Atationa anasiya.

4. Dedza

Pobwerera mu sitima Amayi anatsegula cooler box. Yutong anapukusa mutu, anatsamira zenera, n'kugona. Tinadya awiri. Fungo la Kilombero litangondifika m'mphuno, basi, ndinali nditachoka ku England.

Sukulu yathu inali ya masisitere, kuseri kwa phiri ku Dedza. Kuzizira kwake kwa June, madzi osamba ngati akuluma. Visiting day inkakhala Lamlungu loyamba la mwezi. Tikatuluka mu Misa tinkathamangira ku mpanda kukasuzumira. Maminibasi ankaima kumsewu, azimayi n'kumatsika ndi mabasiketi pamutu, ena ndi mapoto okulunga m'nsalu kuti asazizire. Pofika 12 koloko pansi pa mitengo ya paini ponse panali zitenje. Zofiira, zachikasu, za chipani, za Mvano. Chitenje chilichonse ndi mudzi wakewake. Nkhuku, mpunga, mbatata yokazinga, Sobo wosungunula mu chigubu. Atsikana oti dzulo lake amayenda ngati mabwana ankasanduka makanda, kugona pamiyendo ya amayi awo uku akuwapesa.

Amayi anabwera ku England ndili Fomu 1, teremu yachiwiri. Bambo anali atamwalira kale. Azakhali ankakhala ku Mzuzu, kutali.

Ndiye ine visiting day ndinkatenga masokosi, oyera kale, n'kupita kochapira kuseri kwa hositelo. Ndinkawachapa, kuwatsukuluza, kuwachapanso, mpaka belu la 4 koloko.

Mwezi wachitatu ndinamva mapazi. Anali Asimenye, wa bedi la pamwamba pa langa.

"Iwe, amayi akuti ubwere."

"Amayi ake a ndani?"

"Anga. Fulumira, nkhuku ikutha."

Amake Asimenye ankagulitsa kaunjika pa boma. Sanandifunse chilichonse. Anangosendera, kundisiyira malo pa chitenje, n'kundipatsa mbale. Yangayanga, osati yobwereka kwa Asimenye. Anabwera ndi mbale ziwiri. Ndipo kuyambira tsiku limenelo mpaka ndinalemba Fomu 4, mbale zinkabwera ziwiri.

Mayeso a Fomu 2 sindikumbuka kuti ndinakhala nambala chani. Koma mbaleyo ndimaikumbuka, inali ya malata, ya maluwa ofiira, yobenthuka pambali.

"Ukuganiza chani?" anafunsa Amayi mu sitima muja.

"Palibe. Mpungawu mwauthira mchere wambiri."

Nkhani ya Dedza ine ndi Amayi sitinkaikamba.

5. Ashgarth

Lachinayi Amayi anaphika Kilombero wotsala wonse. Thumba analikutumula mpaka kanjere komaliza.

"Mami, mukufuna atikanizenso?"

"Akakana tidyanso mu sitima."

Sitima ya ku Sheffield sinathe ndi ola limodzi lomwe. Basi mphindi makumi awiri, kukwera chitunda. Ndinali ndisanamalize kuyankha ma message a kuntchito, tafika.

Ashgarth siyokongola, ndinene zoona. Penti ya m'mawindo inali ikusupuka. Laibulale chipinda chimodzi. Dziwe kulibe, amakasambira la mu tauni. Ndinayang'ana Yutong, nkhope yake sinkanena kanthu.

Wotilandira anali woyang'anira hositelo, Mrs Holroyd, mayi wonenepa wa juzi yoluka pamanja, woyenda motsimphina. Aliyense ankamutcha "love", ine, Yutong, Amayi, ngakhale mphaka wa kukhitchini. Chipinda chawo chinali pakati penipeni pa zipinda za ana, chitseko chosatseka.

Amayi anayendera zimbudzi. Kenako funso lija.

"Visiting day yanu imakhala liti?"

"Tilibe, love. Exeat ndiye ilipo. Koma Lamlungu lililonse ikadutsa 2 koloko mutha kubwera. Mugogode chitseko cha kukhitchini, cha kutsogolo chimavuta." Kenako analoza. "Nanga m'bokosimo muli chani? Mwalinyamula ngati muli mwana."

Amayi anatsegula pang'ono. Mrs Holroyd ananunkhiza, anatseka maso.

"Mwaikamo mtedza?"

"Ayi. Mpunga, nkhuku, anyezi, tomato, mchere."

"Dikirani." Anapita kukayang'ana m'buku la ana odwala ndi zakudya, n'kubwerera. Anaima pansi pa masitepe n'kufuula mayina atatu.

Anatsika atsikana atatu, wina wa ku Nigeria, wina wa ku Hong Kong, wina wa konkuno yemwe makolo ake amagwira ntchito kunja. Amayi anayala chitenje chobiriwira pa udzu kuseri kwa hositelo, pafupi ndi zingwe zoyanikira zovala. Mrs Holroyd anakhala pansi movutikira, akudandaula bondo, n'kunena kuti podzuka tiwakoke anthu awiri.

Wa ku Nigeria analawa n'kunena kuti mpunga ndi wabwino koma wopanda tsabola ndi wa odwala. Amayi anati, "Iwe, bwera ku Karonga ukanene zimenezo pamsika." Mtsikanayo sanamve Chichewacho koma anaseka mpaka kutsamwa.

Ine ndinkayang'ana Yutong. Anatenga supuni imodzi. Anaima kaye. Anatenganso. Kenako anaweramira mbale osadzutsanso mutu. Itatha, anaikankhira kwa Amayi mwakachetechete, ndipo Amayi anamuonjezera osamuyang'ana, ngati palibe chachilendo.

"Ukununkhira ngati wa kwa agogo anga," anatero Yutong. Kanali koyamba kuti ayambitse yekha nkhani.

Tikudikira basi ndinamufunsa. "Mtsikana uja dzulo amakuuza chani?"

Anayang'ana nsapato zake. "Akuti aphunzitsi ndi abwino kwambiri. Akuti adzapita ku yunivesite yaikulu."

"Basi?"

"Akuti chaka chino wagona m'nyumba zisanu ndi ziwiri. Amayenda ndi pilo wake." Kenako anawonjezera mwamsanga. "Koma musankhe Highfell. Amayi anga asangalala. Auza kale anzawo kuntchito."

6. Lachisanu

Nthawi ya lunch ndinakhala pa benchi kunja kwa ofesi, mafomu onse awiri ali otsegula pa foni. 12:31. Amayi anali pa shifiti, foni yawo mu locker.

Adokotala akufuna Highfell. Mwana wanena yekha kuti Highfell. Ranking ikuti Highfell. Ndikanadina pamenepo palibe akanandinena.

Ndinatsegula rota ya mashifiti a Amayi yomwe ananditumizira. Ndinawerenga ma Lachisanu a exeat kuyambira September mpaka December. Onse kupatula limodzi anali pa ntchito. Ine kupempha kuchoka m'mawa kuti ndikafike kupitirira Newcastle masana, masabata atatu aliwonse, bwana wanga sangalole. Koma Sheffield Lamlungu 2 koloko, ndikatuluka mu tchalitchi? Imeneyo olo sabata iliyonse.

12:44. Ndinalembera Yutong. "Osati amayi ako. Iweyo. Ukufuna iti?"

Timadontho tosonyeza kuti akulemba tinaoneka, tinasowa, tinaonekanso. Kenako sanatumize mawu. Anatumiza chithunzi. Sindinadziwe n'komwe kuti anajambula. Mbale yopanda kanthu pa chitenje chobiriwira, m'mbali mukuoneka nsapato ya Mrs Holroyd.

12:52 ndinadina Ashgarth.

Ndinalembera a Dokotala Shen nthawi yomweyo, mantha asanandigwire. Sindinabise kuti wasankha ndine. Ndinawauza za maola anayi a ulendo, za mndandanda wa pakhoma, za pilo. Ndinawauza kuti Highfell ndi yabwino kuposa pa maphunziro, zimenezo sindikutsutsa. Ndinamaliza ndi kuti, "Mwana wanu wadya mbale ziwiri dzulo. Ine Lamlungu lililonse ndidzakhalako."

Zinaonetsa kuti awerenga. Sanayankhe.

7. Mbale ziwiri

Amayi anafika 6 koloko madzulo, dzuwa la June likadali pamwamba. Anavula nsapato pakhomo, anadziponya pa sofa yanga yogonapo.

"Wasankha?"

"Ashgarth."

Anapumira m'mwamba. Sanati wachita bwino. Anangoyamba kusisita mapazi awo.

"Mami, ndinakumbuka amake Asimenye," ndinatero. Sindikudziwa kuti zinatuluka bwanji. "Simukuwadziwa. Ku Dedza ankanditengera mbale yanga. Munthu wosandidziwa n'komwe."

Amayi anasiya kusisita.

"Wosakudziwa? Iwe ukuganiza kuti mayi wa kaunjika amangodzuka n'kulongedza mbale ziwiri mwangozi? Mayi uja kwawo ndi ku Karonga, tinkaimba kwaya imodzi tili atsikana. Loweruka lililonse loti mawa lake ndi visiting, ndinkatuluka mu wodi, kukaima pa masitepe a kuseri, kumuimbira. Ndinkati, mwana wanga amabisala kochapira, mutume mnzakeyo akamutenge. Usamufunse mafunso, amakwiya msanga. Umupatse chiwalo cha mwendo, chifuwa sadya."

Ndinakhala pansi pa kapeti.

"Munadziwa bwanji za kochapira?"

"Matironi. Iwonso ndinkawaimbira, mpaka anatopa nane."

"Zaka zonsezi osandiuza?"

"Ukanadya? Iwe ndimakudziwa. Ukanati ndi chakudya chachisoni, n'kubwerera ku masokosi ako." Anapukuta m'maso ndi kolala ya yunifolomu. "Koma usandiyamike. Foni siikhala pa chitenje, mwana wanga. Siipesa mwana tsitsi. Ndinakutumizira mbale, koma ine sindinabwere, zaka zinayi. Zimenezo sindingazibweze. Kwa mwana wa mnzangayu sindikufuna kudzaimbanso foni kupempha munthu wina kuti asendere."

Ndinatsamira mutu pa bondo lawo. Ankanunkha sopo wa kuchipatala. Anayamba kundimasula tsitsi lakumbuyo, kumene ndimalephera kufikako, akudandaula kuti ndalisiya lauma ngati udzu wa October.

Chitseko cha chipinda changa chinatseguka. Yutong anatuluka atagwira foni ndi manja awiri.

"Amayi atumiza voice note."

Anaitsegula. Mawu a Dokotala Shen anadzaza nyumba, mofulumira, m'chinenero chawo, pafupifupi mphindi yathunthu osapuma. Ine ndinangomvamo mawu awiri, Sisita Ennie, ndi dzina langa. Dzina langa linatchulidwa katatu.

"Akuti chani?" ndinafunsa.

Yutong anatsitsa foni. "Akuti agula tikiti. Afika ku Manchester Lachiwiri m'mawa. Akuti akufuna kuonana maso ndi maso ndi munthu amene wataya nambala 4."

Ndinayang'ana Amayi. Iwo anayang'ana pamwamba pa kabati, pamene pankakhala thumba la mpunga.

"Lusu, imbira a Jerome, uwafunse ngati kwawo kwatsala Kilombero olo wa poto imodzi," anatero akudzuka. "Ndipo chitenje chija uchichape lero lomwe. Mbale tidzanyamule zinayi."